Zikomo nonse amene mudadikira kuti Kafula atuluke m'phanga

Lachisanu lapitali, pansi pa mkuyu wa kuseri kwa kalasi yathu, ndidati "Padangokhala", ana n'kuyankha kuti "Tilitonse", ndipo mawu adandithawa kaye. Padali patapita miyezi 7 ndisanamve yankho limenelo. Ndidakhala pampando umene anyamata awiri adandinyamulira, ndodo zanga zili pansi, n'kumaliza nthano imene tidaiyamba chaka chatha. Lidali gawo lomaliza. Ndalemba mawuwa chifukwa ndi mwendo wangawu sindingafike pakhomo la aliyense, komanso pali munthu mmodzi amene ndiyenera kumuthokoza pagulu, popeza ndidamulakwiranso pagulu.

Ndiyambe ndi nthanoyo, poti ena mwa inu mudangomva kuti ana akuvutitsa ndi nkhani ya Kafula koma simudziwa mutu wake. Ndimaphunzitsa sitandade 6 kuno ku Dedza, m'dera la mapiri a Chongoni. Ana athu amakulira pafupi ndi mapanga a zithunzi zamakedzana, malo 127 amene bungwe la UNESCO lidawaika m'kaundula wa chuma cha dziko lonse mu 2006, koma ambiri ankangowadziwa ngati pousa mvula akamabusa mbuzi. Tsiku lina tidapita nawo ku Mphunzi. Mtsikana wina adaloza timizere ndi timikombero tofiira pathanthwe n'kufunsa kuti adajambula ndani. Ndidamuuza kuti zoyera zija, zooneka ngati nyama zotambalala, n'za makolo athu Achewa, ndipo zambiri zimakhudza chinamwali ndi miyambo ina ya kumudzi. Zofiirazo n'zakale kuposa pamenepo, n'za Akafula, amene ena amawatcha Abatwa, alenje aafupi msinkhu amene makolo athu adawapeza kuno. Mtsikanayo adati, "Nanga adapita kuti, madamu?" Funso limenelo ndi limene lidabala nthano yonse.

Agogo anga ankasimba kuti ukakumana ndi Kafula kuthengo amakufunsa kuti, "Mwandionera pati?" Ukati wamuonera pafupi ndiye kuti wamunyoza kuti ndi wamfupi, muvi ukupeza. Wanzeru ankayankha kuti, "Ndakuonerani patali, ndili kuseri kwa phiri lija." Ine ndidatenga funso limeneli n'kulipanga msana wa nthano yanga. Mnyamata wina wobusa mbuzi, amene ana amangomutcha Mbusa, akutsata kambuzi kake kosochera adalowa m'phanga n'kutulukira kudziko la mkati mwa thanthwe, kumene Akafula adasamukira. Kwawo kwa Mbusa kasupe adali atauma chifukwa Napolo adagona pakamwa pa madzi pansi pa phiri. Mbusa adapeza mnzake, Kafula wa msinkhu wa m'chiuno mwake, ndipo gawo lililonse linkayamba ndi funso lija. Ine ndikati "Mwandionera pati?", kalasi yonse inkakuwa kuti "Patali!" mpaka a sitandade 2 ankasuzumira pazenera.

Mbusa sadali mwana woipa. Adali wolimba mtima, wopusitsa ndi pakamwa, wokonda kutamandidwa. Uchi ankaupeza ndi Kafula, njira za mumdima ankazidziwa ndi Kafula, chilankhulo cha mileme ankamasulira ndi Kafula, koma Mbusa akamasimba ankati "ine ndidachita". M'gawo la 19, atayandikira pogona Napolo, mwala udagwa n'kutsekera Kafula m'kaphanga kopapatiza. Mbusa adamva mnzake akuitana, adayang'ana mkondo wake, adaganiza za nthungululu zimene zimamudikira kumudzi, n'kunena kuti, "Ndidikireni, ndibwera." Ndidalekezera pamenepo, ana akudandaula, ndikuti timaliza sabata yamawa.

Loweruka lake ndidapita kumaliro kumunsi ku Golomoti. Pobwerera, mvula ya mu Januwale ili wawawa, njinga yamoto imene ndidakwera idaterereka pa khona lina la Khwekhwelere. Fupa la ntchafu lidathyoka pawiri. Sindiloza munthu chala pa ngoziyi. Mnyamata wa kabazayo, iyenso magazi ali chuchuchu pachigongono, sadathawe. Adandifunditsa jekete lake, adaima pakati pa msewu mpaka lole ya matimati idaima. Mwana wanga, kulikonse kumene uli, Mulungu akusunge. Inunso bambo a lole ija, amene mudatsitsa madengu kuti ndigone bwino ndipo mudakana ndalama ya mafuta, zikomo kwambiri.

M'chipatala ndidagona chagada masabata 8, mwendo atawumangirira zitsulo zolemera. Amene adagonapo motero akudziwa kuti ululu wa fupa umapiririka, chovuta n'chakuti chilichonse, ngakhale chimene munthu amachita yekha kuseri, uyenera kupempha. Bambo a ana anga adatisiya kale, ana anga awiri ali kusukulu kutali, mng'ono wanga adali ndi khanda la mwezi umodzi. Masiku awiri oyamba ankandithandiza ndi magadiyani a odwala anzanga, anthu osandidziwa n'komwe.

Tsiku lachitatu ndidaona munthu akulowa m'wodi atasenza dengu, m'manja muli ndowa ndi mkeka. Adali mphunzitsi mnzanga wa sitandade 4. Ndinene zoona zake pano, poti ambiri pasukulu pathu mudalipo. Zaka zitatu zapitazo nyumba ya aphunzitsi imene ndinkaiyembekezera idapatsidwa kwa iwo. Pamsonkhano wa aphunzitsi ndidaimirira n'kunena mawu oipa, oti adaipeza m'njira yokhota. Lidali bodza, ndipo mumtima ndinkadziwa kuti ndi bodza. Kuyambira tsiku limenelo tinkangopatsana moni wa "Mwadzuka bwanji", aliyense n'kumayang'ana kumbali. Munthu ameneyo ndiye adayala mkeka kunsi kwa bedi langa.

Achemwali, ndikudziwa kuti simukonda kutchulidwa, choncho dzina lanu ndalisunga. Koma zimene mudachita sindizisunga. Lachisanu lililonse mukaweruka munkakwera minibasi kudzagona pasimenti, kuzizira kwa Dedza kuno mukukudziwa, mpaka Lamulungu madzulo. Mkati mwa sabata mudakonza zoti amayi azisinthana. Mudandisambitsa, mudanditembenuza, mudataya zimene sindingatchule pano. Kalasi yanga mudaiphatikiza pa yanu. Usiku wina magetsi atazima ndidalimba mtima n'kunena kuti, "Achemwali, ndidakulakwirani." Inu mudakhala chete pang'ono, kenako mudati, "Ndikudziwa. Tadzukani pang'ono ndikupakeni mafuta kumsanaku, mungachite zilonda." Ndidalira mwakachetechete mpaka kunja kudayera.

Ndinunso amene munkabweretsa timakalata ta ana, tolembedwa pa mapepala ong'amba m'makope. Ambiri ankandifunira kuchira, koma pafupifupi kalikonse kankathera ndi funso limodzi: "Madamu, Kafula akadali m'phanga?" Mwana wina adalemba kuti amamusiyira Kafula kachimanga kootcha pamwala wa kuseri kwa khola lawo. Ndidamvetsa pamenepo kuti ndasiya munthu mumdima, ndipo amene adamusiya ndimamudziwa bwino kuposa mmene ndinkaganizira.

Mathero amene ndidakonza poyamba adali ena. M'kope langa ndidalemba kuti Mbusa adzalasa Napolo, madzi adzatumphuka, adzabwerera kukatsegulira mnzake, ndipo kumudzi adzamuveka ufumu. Ndili chigonere ndidawerenganso masamba amenewo n'kuona kuti Mbusa wa gawo lomaliza ndi yemwe uja wa gawo loyamba, wangowonjezera nthenga kumutu. Mwana amene wayenda ulendo wonsewo n'kubwerako osasintha, ndiye kuti ulendowo wapita pachabe. Ndidang'amba masambawo, achemwali n'kundigulira kope lina.

Mmene tidamalizira Lachisanu ndi motere. Mbusa afika pamene Napolo wagona, aona kuti chinjokacho n'chachikulu ngati phiri lenilenilo, ndipo azindikira kuti akachilasa chidzagubuduka, phiri lidzagumuka, midzi yonse ya kumunsi idzakokoloka. Ana a kuno amamva kwa akuluakulu za Napolo wa ku Zomba mu 1946 ndi wa ku Phalombe mu 1991, choncho palibe adafunsa kuti bwanji osangobaya. Mbusa abwerera. Polowera kwa Kafula pamwamba patsekeka, patsala kamng'alu ka pansi koti munthu wamtali sangalowe ataimirira, ngakhale atagwada. Asiya mkondo panja, avula chikopa chimene ankanyadira, akwawa chafufumimba, miyala ikumukala kumsana. Atafika, apeza mnzake atawonda, uta uli pamiyendo. Kafula afunsa ndi mawu otsika, "Mwandionera pati?"

Apa ana adakoka mpweya kuti akuwe "Patali!" monga mwa masiku onse, koma ndidakweza dzanja. Mbusa akuti: "Sindidakuonereni patali. Masiku onse aja ndinkanama kuti musandilase. Ngakhale muli pambali panga sindinkakuonani. Ndakuonani lero, muno." Mwa lamulo la kwawo Kafula ayenera kuponya muvi. Akoka uta mpaka chingwe chilira. Pansi pa mkuyu padali zii, ngakhale mbuzi za m'mudzi zidaoneka ngati zamvera. Kenako Kafula atsitsa uta n'kunena kuti, "Ndiye mwachedwa. Gwirani mwalawu uko, ine ndigwire kuno."

Chimene ndimachikonda kwambiri m'gawoli n'chakuti wosintha si Mbusa yekha. Kafula nayenso adali ndi nthenda yake. Moyo wake wonse ankafuna kumva kuti ndi wamkulu, ndipo ankalandira bodza lokoma chifukwa choopa choonadi. Kuchokera m'kaphanga muja safunsanso funso lija kwa wina aliyense. Awiriwo sapha Napolo. Kafula amadziwa nyimbo ya makolo ake yodzutsa chinjokacho pang'onopang'ono, Mbusa amadziwa kumene kuli midzi ndi madimba chifukwa adabusako mbuzi. Wina akuimba ali paphewa pa mnzake, wina akuloza njira, amutsogolera usiku wonse kutsata Linthipe mpaka kukalowa m'nyanja ku Salima, osagwetsa ngakhale nkhokwe imodzi. M'mawa kasupe atumphuka. Kumudzi anthu athokoza mizimu ya makolo, palibe adziwa za Mbusa, ndipo iye atunga madzi pamzere limodzi ndi anzake osanena kanthu. Kafula abwerera m'thanthwe, asiya kamkombero kofiira katsopano pamsinkhu wa m'chiuno, poti Mbusa akafuna kukaona ayenera kugwada.

Si onse adakondwa. Mnyamata wina wa kumbuyo adaimirira n'kunena kuti mathero ake ngoipa, chifukwa Mbusa wavutika kwaulere, sadamupatse ngakhale nkhuku. Ndidamuyamikira chifukwa chonena maganizo ake, ndipo sindidamutsutse. Ali ndi zaka 12, ndipo ine zimenezi ndazimvetsa ndili ndi imvi, ndili chigonere. Mtsikana uja adafunsa koyamba ku Mphunzi sadalankhule, adangobwera kudzanditolera ndodo. Ana inu, zikomo podikira. Ndikukumbutseninso zimene tidagwirizana: kamkombero katsopano ndi ka m'nthano mokha. Mukapita ku Mphunzi, ku Chentcherere kapena ku Namzeze, musakhudze zithunzi, musalembepo mayina anu ndi makala, musasonkhe moto pansi pake. Zakhala pamenepo mibadwo yosawerengeka, ndipo zikafufutika palibe angazibwezeretse.

Ena oti ndiwathokoze ndi ambiri. Amayi a Chigwirizano, mudapalira ndi kubandira munda wanga, chimanga chili m'nkhokwemu ndi thukuta lanu. Anzanga a banki m'khonde, mudandidikira ngongole popanda kundiwerengera chiwongoladzanja. Amalume, ufa ndi nyemba zija zidatifikitsa kokolola. Anamwino a usiku, amene munkabwera ndi tochi ya pafoni kudzaona ngati zala zanga zikugwedezeka, ndi bambo a mafizo amene mudandiimiritsa tsiku loyamba ndikukuwa kuti ndigwa, Mulungu akudalitseni. A hedi ndi aphunzitsi anzanga, zikomo posinthira kalasi yanga kuchipinda chopanda masitepe. Mlamu, zikomo pondikhomera chogwirira kubafa. Adanena akuluakulu kuti mutu umodzi susenza denga, langali lidasenzedwa ndi mudzi wonse.

Kwa aphunzitsi amene mudali pamsonkhano uja zaka zitatu zapitazo: mawu amene ndidanena onena achemwali anga adali abodza, ndipo ndawabweza. Nyumba ija adaipeza mwachilungamo. Ndidzabwerezanso zimenezi ndi pakamwa pamsonkhano wa Lolemba, ndili chiimire, ngakhale ndi ndodo.

Kope la nthano yonse lili kwa iwo tsopano. Akuti ayamba kuwerengera a sitandade 4 temu ikubwerayi, ndipo aphunzitsi a sukulu zoyandikana nafe amene mukulifuna mukhoza kudzakopera. Kunyumba kwanga kwatsala mbale zitatu zamaluwa, fulasiki yofiira ndi chitenje chobiriwira zimene zidabwera ndi chakudya kuchipatala, eni ake sindikuwadziwa. Bwerani mudzatenge Loweruka masana, thobwa ndikhala nditaphika.