Kumanga madigadi pa foloko ya kaboni popanda kuipala

Chimene chimadya foloko ya njinga yopangidwa ndi kaboni (ulusi wolimba, wopepuka, womatidwa pamodzi) kwenikweni ndi mchenga. Madigadi ochita kumangirira, monga SKS Raceblade Pro, amagwira mwendo wa foloko ndi timalamba ta mphira. Mvula ikagwa, mchenga wosalala umalowa kunsi kwa lambayo, ndiye njinga ikamanjenjemera pamsewu, lamba ndi mchenga zimapala ngati sandipepa. Imayamba kutha ndi vanishi, kenako utoto, mapeto ake ulusi wa kaboni weniweniwo. Ulusiwo ukadyeka mphamvu ya foloko imachepa, ndipo foloko ikathyoka wokwera amagwa chamutu. N'chifukwa chake ine sindimanga madigadi ndisanamate tepi yoteteza pa foloko.

Ndimayamba ndi kuyesa. Tayala lili pomwepo, lopopedwa bwino, ndimagwirizira madigadi ndi dzanja kuti ndione pamene malamba afikire, n'kuikapo chizindikiro ndi kachidutswa ka tepi ya pepala (masking tape). Pakati pa tayala ndi madigadi ndimasiya mpata wosachepera mamilimita 6. Ukachepa, timiyala timakakamira pamenepo. Muonenso saizi: Raceblade Pro wamba ndi wa matayala ofika mamilimita 25, pomwe XL amafika 32.

Ndikatero ndimachotsa tayala n'kutsuka miyendo yonse iwiri ndi madzi a sopo. Ikauma ndimaipukuta ndi kansalu koviika m'mankhwala otsukira otchedwa isopropyl alcohol kuti mafuta onse achoke. Thina, petulo ndi acetone musayandikize n'komwe, zimawononga vanishi. Apa ndi pamene ambiri amachita changu, koma kamchenga kamodzi kotsekeredwa kunsi kwa tepi kamakhala pomwepo kukanda mpaka tsiku lodzamatula.

Tepi yoyenera ndi ya polyurethane, yoonekera mkati, imene okwera njinga amaitcha helicopter tape. Ya kampani ya 3M, ya mtundu wa 8671HS, ndi yochindikala mamilimita 0.36, ndipo mchenga suiboola msanga. Timapepala totetezera foloko tobwera m'bokosi la madigadi timathandiza, koma nthawi zambiri ndimationa kuchepa. Tepi yakuda ya magetsi sindiikhulupirira: ikatenthedwa ndi dzuwa guluu wake amafewa, tepi imatsetsereka, n'kusiya zomatamata zokoka fumbi.

Ndimadula chidutswa choposa lamba ndi sentimita imodzi kumtunda ndi ina kumunsi, chotalika mokwanira kuzungulira mwendo wonse, chifukwa lamba amakhudza mbali zonse. Ngodya zinayi ndimazidula mozungulira ndi sizasi. Ngodya yosongoka ndiyo imayamba kumatuka. Pomata ndimayambira kutsogolo kwa mwendo, n'kumasisita ndi chala chachikulu kulowera kumbuyo kuti mpweya utuluke, ndipo nsonga ziwirizo zimakumanirana kumbuyo. Popeza mwendo wa foloko umaonda kumunsi, tepi imafuna kuchita makwinya. Kuifunditsa pang'ono ndi makina owumitsira tsitsi kumaifewetsa. Ingokhala yofunda, yoti chala n'kupirira. Ndikamaliza ndimaisiya usiku wonse kuti guluu agwire.

Kumanga kwenikweniko n'kwachidule. Lamba ndimamukoka mpaka madigadi asiye kusuntha ndikawagwedeza ndi dzanja, basi. Womasuka amapala, koma womangitsitsanso si wabwino: kaboni imapirira kulemera kwa munthu, koma kufinyidwa pamalo amodzi imadana nako. Pachifukwa chomwecho zomangira zachitsulo zokhala ndi bawuti sindiziika pa mwendo wa kaboni. Madigadi ena amamangidwa ndi timalamba ta pulasitiki totchedwa ma cable tie. Pulasitiki yake ndi yolimba ndipo imacheka, choncho ndimayala kachidutswa ka chubu chakale pamwamba pa tepi ndisanakoke. Ngati njinga ili ndi mabuleki a disiki ndipo paipi yake ikudutsa kunja kwa mwendo wakumanzere, lamba adutse kunsi kwa paipiyo, asaipanikize.

Tayala likabwerera, ndimalizunguza n'kumvetsera ngati pali pokhula, kenako ndimakhotetsa handulo mbali zonse kuona ngati nsonga ya nsapato ikugunda madigadi. Ndikakwera ulendo woyamba ndimayang'ananso, chifukwa pa mwendo woonda kumunsi malamba amakonda kutsika, ndipo akatsika sentimita ziwiri amakhala atachoka pa tepi.

M'nyengo ya mvula, milungu iwiri iliyonse ndimamasula malamba, n'kutsuka tepi ndi kunsi kwa mphira. Tepi ikachita mbuu kapena kuyamba kubooka, ndimaifunditsa, kuimatula pang'onopang'ono kuti isazule vanishi, n'kumata ina. Ndisanamate ndimayang'anitsitsa pamalopo ndi tochi. Vanishi yongochita zikanda si vuto. Koma mukaona ulusi wakuda uli poyera, mng'alu, kapena malo ofewa mukadina ndi chala, njingayo musakwere mpaka katswiri wodziwa za kaboni ataiona folokoyo.