Zikomo Blantyre winayu, ndayambanso kuyenda

Dzulo masana ndinayenda ndekha, popanda ndodo, kuchokera pakhomo panga mpaka pa mlatho wa anthu oyenda pansi wodutsa mtsinje wa Clyde kuno ku Scotland, kumunsi kwa nyumba imene anabadwira David Livingstone. Munthu wa miyendo yabwino amafikapo m'mphindi 15. Ine zinanditengera mphindi 40, ndikupuma kawiri pa mpanda wa eni ake. Nditafika pakati pa mlathowo ndinagwira chitsulo n'kuima phee, ndipo mnyamata wina woyendetsa galu anandifunsa ngati ndili bwino. Ndinali bwino. Misozi yokha ndiyo inakana kumvera.

Kwa amene simunamve: mu Januwale, m'mamawa kusanache, ndikupita ku ntchito yanga yosamalira okalamba, ndinaterereka pa madzi oundana pa masitepe a pakhomo. Fupa la m'kakolo linathyoka pawiri. Anandichita opaleshoni, n'kuikamo zitsulo, ndipo ndakhala miyezi isanu osagwira ntchito. Amene muli kuno mukudziwa tanthauzo la miyezi isanu yopanda shifiti, lendi ikudikira, kumudzi nawonso akudikira.

Poyamba ndithokoze Mulungu. Ndithokozenso madokotala, manesi ndi a mafizo amene anandipirira pamene ndinkakana kuponda. Achimwene ndi achemwali a gulu lathu la Amalawi a ku Glasgow ndi madera ozungulira, munasonkha ndalama ya lendi ya miyezi iwiri osandifunsa n'komwe, munabweretsa ufa, usipa ndi nyemba, wina mpaka anabwera kudzandiluka tsitsi ndili chigonere. Sindikutchulani mayina poopa kuiwala wina, koma mukudzidziwa. Amayi ku Chilomoni, mapemphero anu a pa WhatsApp a 4 koloko m'mawa ankandifika, ngakhale masiku ena ndinkawamvera dzuwa litakwera. Abusa ndi amayi a mvano, zikomo.

Koma lero ndikufuna ndikhalitse pa anthu awiri amene sangathe kuwerenga zimene ndalembazi, pokhapokha nditawamasulira.

Ine ndine wa ku Blantyre kawiri. Ndinabadwira ku Blantyre wathu uja wa Ndirande ndi Soche, ndipo ndikukhala ku Blantyre wa ku Scotland, katauni kakang'ono ka ku South Lanarkshire, pafupi ndi Hamilton. Tsiku limene ndinauza amayi pa foni kuti ndapeza nyumba ku Blantyre, anandifunsa mokwiya kuti ndabwerera liti osawauza. Eni ake kuno samatchula ngati ife, amangoti "Blantir", ndipo ndinakhala zaka zitatu ndikuganiza kuti tauniyi ndimaidziwa chifukwa ndimadziwa siteshoni ya sitima, sitolo yaikulu ndi dzina la Livingstone.

Amene anamva kugwa kwanga ndi agogo aakazi a nyumba ya pansi, a zaka zoposa 80, amene kale tinkangopatsana moni wa pa masitepe. Anatuluka atavala zogonera, anandifunditsa bulangete lawo, n'kukhala nane pa chisanu mpaka ambulansi itafika. Amanditchula kuti "hen". Poyamba ndinkadabwa kuti ndawalakwira chiyani agogowa kuti azinditcha nkhuku yathadzi, mpaka mnzanga wa kuntchito anandiuza kuti kuno ndi mmene amaitanira mkazi mwachikondi. Nditatuluka m'chipatala ankakwera masitepe tsiku lililonse, dzanja lina pa chitsulo, lina atanyamula kapoto ka supu wa mphodza. Kunena zoona supu ameneyo sabata yoyamba ndinkangomwa mwaulemu. Pano ndimamufuna.

Tsiku lina anabwera ndi chitini chakale cha mabisiketi, chodzaza ndi zithunzi. Anati munthu wogona tsiku lonse amadwala maganizo, ndiye tione anthu. Anayamba kuyala zithunzizo pa bulangete langa chimodzichimodzi. Glasgow Road ya kale, mbali zonse ziwiri nyumba zosanja zamiyala, pansi masitolo, pamwamba mabanja. Zambiri anazigwetsa chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970, ndipo agogo amaloza malo oimikapo magalimoto a lero n'kunena kuti apa panali wogulitsa nyama, apa wosoka nsapato, apa ndi pamene ndinaonana koyamba ndi malemu amuna anga. Anakulira m'nyumba ya chipinda chimodzi ndi khitchini, chimbudzi chogawana ndi mabanja ena, kochapira zovala kolowa mosinthana masiku, ndipo tsoka kwa mayi amene walowa pa tsiku la mnzake. Nambala ya amayi awo ya ku sitolo ya Co-op, imene ankaitchula pogula kuti adzalandire kangachepe pakutha pa nyengo, akuikumbukirabe mpaka lero, pamene nambala ya foni yawo ya m'manja amachita kuyang'ana pa kapepala. Ine ndinaseka mpaka mwendo kupweteka, chifukwa zimene ankafotokozazo ndi moyo wa pa lendi umene ndinakulira, mkangano wa pa mpopi ndi chingwe choyanikira zovala. Sindinkayembekeza kuumva kuchokera pakamwa pa mzungu.

Wachiwiri ndi mlongo wawo wa agogowa, agogo aamuna amene bambo awo ankagwira ntchito mu mgodi wa malasha. Amabwera Lachitatu lililonse, ndipo atamva kuti kumwamba kuli mlendo wa ku Blantyre wina, anakwera nawo. Nditayamba kuwauza za Livingstone monga tinaphunzirira ku pulayimale, anandimvetsera mwaulemu, kenaka anati alendo onse amabwerera munthu mmodzi ameneyo, koma tauniyi inamangidwa ndi thonje ndi malasha, ndipo ili ndi maliro ake amene alendo sawadziwa.

Maliro ake ndi a pa 22 Okutobala 1877. M'mawa wa tsiku limenelo mpweya woyaka unaphulika m'migodi ya malasha ya kampani ya Dixon, nambala 2 ndi nambala 3, ku High Blantyre, ndipo anthu oposa 200 anafera pansi, ena mwa iwo ana aang'ono, wamng'ono kwambiri wa zaka 11. Mpaka lero ndiyo ngozi ya mu mgodi yoopsa kuposa zonse m'mbiri ya Scotland. Chimene chinandiwawa kwambiri n'chimene chinatsatira: patangopita miyezi, eni mgodi anatengera ku khoti amayi amasiye 34 kuti atuluke m'nyumba za kampani, popeza amuna awo sanalinso antchito. Agogo anafotokoza zimenezi mawu akunjenjemera ngati zachitika chaka chatha. Ine ndinakumbuka azakhali anga, mmene anawasesera m'nyumba maliro a amuna awo asanazizire. Tinakhala chete nthawi yaitali, tiyi n'kuzizira.

Usiku umenewo ndinawerengera zaka. Amishoni a Church of Scotland anakhazikitsa Blantyre wathu mu 1876, n'kumutcha dzina la kwawo kwa Livingstone. Ndiye kuti dzinalo litangofika kwathu, chisanathe chaka chachiwiri, eni dzina anali akukumba manda a anthu mazana awiri. Ku sukulu palibe anatiuza zimenezo.

Mu Epulo awiriwa anapangana ndi mdzukulu wawo kuti anditengere pa njinga ya olumala ku Shuttle Row, nyumba yoyera ija imene Livingstone anabadwiramo pa 19 Malichi 1813. Inali nyumba ya antchito a fakitale ya thonje, mabanja 24 m'nyumba imodzi, banja lililonse chipinda chimodzi. Inatsala pang'ono kugwetsedwa, koma anthu anasonkha ndalama n'kuisandutsa malo a chikumbutso mu 1929, ndipo anaikonzanso n'kuitsegula mu 2021. Livingstone amene ndinkamudziwa ine ndi wa pa chithunzi cha m'buku, bambo wa chipewa ndi ndevu za pamlomo, amene anafika pa nyanja yathu mu 1859. Kumeneko ndinakumana ndi mwana wa zaka 10, wolowa ntchito 6 koloko m'mawa n'kuweruka 8 koloko usiku, ntchito yake kulumikiza ulusi woduka pansi pa makina, akaweruka n'kupitanso ku sukulu. Kaya munthu umamuona bwanji Livingstone ndi zonse zimene zinabwera pambuyo pake, ndipo ife tili ndi zonena zambiri pamenepo, mwana ameneyo ndinamumvera chisoni.

Nanenso sindinangolandira. Ndinawaonetsa pa foni tchalitchi cha St Michael and All Angels, chimene anamaliza kumanga mu 1891 ndi njerwa zoumba pomwepo, ndi phiri la Ndirande kumbuyo kwake. Agogo aamuna anayang'anitsitsa n'kunena kuti Blantyre wathu anawapitirira, wawo anatsala mwana. Anafunsa ngati kwathu kuli migodi. Ndinati malasha ali kumpoto, ku Mchenga, koma ife a ku Blantyre timadziwa makala a pa mbaula. Kufotokoza mbaula kunatitengera theka la ola.

Za mlatho zinayamba ndi iwo omwewo. Agogo aakazi anandiuza kuti pamalopo kale panali mlatho wolendewera, womangidwa mu 1852, umene anthu ankalipira kuti awoloke kupita ku Bothwell, n'chifukwa chake ankautcha Pey Brig, kutanthauza mlatho wolipira. Anati wa lerowu ndi waulere, ndiye ndilibe chifukwa chokanira. A mafizo ankandipatsa mapepala a zochita, ine n'kumawaika pansi pa pilo. Koma agogo akafunsa kuti lero tafika pati, bodza linkandivuta. Sabata yoyamba ndinafika pa geti. Kenaka pa bokosi la makalata. Kenaka pa siteshoni, pamene ndinakhala pansi n'kulira kuti basi sindidzayendanso bwino, iwo n'kungotulutsa switi m'thumba la jekete, kundipatsa, osanena kanthu.

Agogo anga awiri inu, ndinabwera kuno kudzasamalira okalamba, koma okalamba ndi amene andisamalira. Zikomo kwambiri. Mulungu akusungeni.

Lolemba ndikuyambiranso ntchito, mashifiti afupiafupi kaye. Loweruka likubwerali ndikuphika kwanga kuyambira 1 koloko, nonse amene munandiyendera bwerani, malo ndi ochepa koma tidzapanikizana. Amene muli ndi mipando yopinda mubwere nayo. Agogo aakazi alonjeza kuti alawa nsima, ati bola ndiwalole kudya ndi foloko, ndipo nkhani imeneyo sitinagwirizanebe. Chitini chawo cha zithunzi chidakali pa tebulo langa, ati tisanabweze tiyambe talemba mayina kumbuyo kwa chithunzi chilichonse, chifukwa mdzukulu wawo sadziwa ndi mmodzi yemwe.