Lachinayi: Kukonzekera Intavyu ya Frontend

Tsiku lonse lero lathera pokonzekeretsa achinyamata amene ayitanidwa ku intavyu ya ntchito ya frontend (kupanga mbali ya webusaiti imene anthu amaiona) sabata yamawa. Ambiri abwera ataloweza React (chida chopangira masamba a webusaiti), koma chawapunthwitsa ndi CSS (yokonzera maonekedwe a tsamba) ndi JavaScript wamba (chilankhulo cholembera zochita za tsambalo), pamene ofunsa amakonda kuyambira.

Funso loyamba linali la box model, momwe CSS imawerengera kukula kwa bokosi pa tsamba. Bokosi lili ndi width (m'lifupi) ya 300px, padding (mpata wa mkati) ya 20px ndi border (malire) ya 1px: litenga malo aakulu bwanji? Yankho ndi 342px, chifukwa padding ndi border zimawonjezeka mbali zonse ziwiri. Mukaika box-sizing: border-box, limakhala 300px ndendende. Pa flexbox, njira ya CSS yoyalira zinthu pa tsamba, sitinachedwepo.

Tachedwa pa JavaScript, ndipo mpake. Lembani for yozungulira katatu, kuyambira pa 0, pogwiritsa ntchito var i, mkati mwake muike setTimeout (yochedwetsa ntchito kuti ichitike pambuyo pake) yosindikiza i. Imatulutsa 3, 3, 3. Chifukwa chake n'chakuti var imapanga i m'modzi yekha, ndipo pamene setTimeout ikuyamba kugwira ntchito, kuzungulira kuja kwatha kale. Mukasintha n'kuika let, ulendo uliwonse umakhala ndi i wakewake, ndiye mumapeza 0, 1, 2. Kungoyankha kuti “ndiika let” sikokwanira; wofunsa akufuna amve chifukwacho kuchokera pakamwa panu. Chimodzimodzi Promise, lonjezo la zotsatira zimene zibwere pambuyo pake: then yake imatsogola setTimeout ngakhale ya 0, poti ma microtask, timantchito ngati ta then, amayenera kutha kaye.

Msampha wina ndi fetch, imene imatumiza pempho ku seva. Seva ikabweza 404 kapena 500, manambala osonyeza kuti pali vuto, fetch siidandaula, ndipo catch, yogwira zolakwika, siigwira kanthu. Imakana pokhapokha pempho likalephereratu, monga netiweki ikaduka. Choncho onani response.ok, imene imasonyeza ngati pempho layenda bwino, musanawerenge JSON (deta imene seva yatumiza).

Chakumadzulo tayeseza ntchito imene imabwera kawirikawiri: kabokosi kofufuzira kokoka zinthu ku API (khomo limene pulogalamu imapemphera deta ku seva). Ikani debounce (kudikira kaye kuti munthu asiye kulemba) ya pafupifupi 300ms kuti pempho lisamapite pa chilembo chilichonse. Onetsani uthenga pamene zikubwera, pamene zalephera, ndi pamene palibe chapezeka. Chachitatuchi ndiye chimaiwalika. Pa mndandanda wa React musagwiritse ntchito index (nambala ya malo a chinthu) ngati key (chizindikiro chimene React imadziwira mzere uliwonse) ngati zinthuzo zimasinthana malo, apo ayi zolemba za mzere wina zimakaonekera pa unzake. Ndipo muzilankhula mukulemba. Wokhala chete, ngakhale akulondola, wofunsa sadziwa ngati akuganiza kapena wasochera.

Intavyu ikakhala ya pa Zoom kapena Google Meet, chitani npm install (kutsitsa zida zimene pulojekiti ikufuna) dzulo lake, osati anthu akukuyang'anani. Laputopu ikhale yodzaza moto, foni ikhale ndi bandulo ya hotspot kuchitira magetsi akazima. Nthawi nayo muifunsitse ngati ofunsa ali kunja; mwachitsanzo, London imatsalira Lilongwe ndi maola 2 m'nyengo yawo yozizira, koma ola limodzi lokha kuyambira kumapeto kwa Malichi mpaka kumapeto kwa Okutobala.