Mpira umodzi, maso a anzako ali pa iwe

Pa driving range munthu atha kumaliza ndowa yathunthu ya mipira, thukuta lili kamukamu, n'kubwerera kunyumba akumwetulira koma asanaphunzire kanthu kodzamuthandiza pabwalo lenileni la gofu. Nkhani imeneyi yakhala ikundizungulira m'mutu chiyambireni kuphunzira masewerawa kuno ku Johannesburg, ndipo ndati ndiilembe kuti ena oyamba gofu atakula kale asamataye ndalama ndi nthawi pa zinthu zongosangalatsa maso.

Kwa amene simunafikeko, range ndi malo oyeserera basi, mulibe maenje 18 ayi. Pamakhala mzere wautali wa timalo toimapo, pamwamba denga la malata, aliyense ndi kapeti wake wa udzu wapulasitiki. Kutsogolo kuli bwalo lalikulu lomwe anazikamo mbendera ndi zikwangwani zosonyeza mamita 50, 100, 150, 200. Umagula ndowa ya mipira n'kuyamba kumenya. Sufunika kukhala membala wa kalabu, sufunikanso ndodo zonse 14 zimene malamulo amalola m'chikwama. Ndi 7-iron (ndodo ya mutu wachitsulo yomenyera mtunda wapakatikati) imodzi yakale yogula kwa munthu, wayamba basi. N'chifukwa chake ambiri a ife gofu tinamudziwira pomwepa.

Koma malowa ali ndi chinyengo chake. Kapeti uja amakhululuka zimene dothi silikhululuka. Ndodo ya iron imayenera kukhudza mpira kaye, kenako n'kupala udzu kutsogolo kwa pamene mpirawo unali. Ukagunda pansi msanga, pa udzu weniweni ndodo imakumba dothi ndipo mpira umangogubuduzika pang'ono n'kuima. Pa kapeti ndodo imatsetsereka n'kukaupeza mpira, mpirawo n'kuuluka ndithu, mwini wake n'kumati zikuyenda. Mipira ya pa range nayo ndi yolimba khungu, yambiri ndi yoperepeseka, siuluka ngati imene timasewerera. Ndiye pali mpweya wa kuno. Johannesburg ali pamalo okwera mamita pafupifupi 1,750, mpweya wake ndi wopepuka, ndipo mpira umapita patali kuposa ku Durban ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi. Wozolowera manambala a kuno akatsikira ku gombe, kapena akakasewera kwathu ku Nchalo, ayembekezere kuti mipira yake izigwa isanafike.

Chinyengo chachikulu koposa ndi kubwereza. Ukamenya ndi 7-iron kulunjika mbendera imodzi, mpira wachiwiri umakonza zimene woyamba unalakwitsa, wachitatu umakonza za wachiwiri, ndipo pakapita kanthawi mipira imayamba kugwa pamodzimodzi. Mtima umakoma. Koma pabwalo palibe mpira wachiwiri. Umamenya ndi driver, ndodo yaitali yomenyera patali koposa, umayenda mphindi zingapo, umapeza mpira uli pamalo otsetsereka, umasolola ndodo ina, ndipo mwayi ndi umodzi wokhawo. Zili ngati mwana amene analoweza masamu ochulukitsa mwa nyimbo, kuyambira pa 1 mpaka pa 12: poimba sakhumudwa, koma mukamufunsa 7 kuchulukitsa ndi 8 mwadzidzidzi amangoti kakasi.

Izi anthu anazifufuza kale. Mu 1979 akatswiri awiri a ku America, John Shea ndi Robyn Morgan, anaphunzitsa anthu njira zitatu zoyendetsera dzanja mwaliwiro pogwetsa timatabwa. Gulu lina linkabwereza njira imodzi mpaka kumaliza, kenako n'kupita pa ina. Gulu linzake linkasakaniza zonse zitatu. Pa nthawi yoyeserera obwereza aja ankaoneka akatswiri, osakaniza ankavutika. Atawayesanso patapita masiku 10, zinthu zinatembenuka: osakaniza aja ndi amene anakumbukira bwino. Chimene chimandigwira mtima pa kafukufukuyu n'chakuti kuyeserera kothandiza kumamveka ngati kulephera pamene ukukuchita. Munthu uli wekha n'kovuta kusankha njira yowawayo, chifukwa walipira ndalama ndipo ukufuna kuona mipira ikuuluka bwino. Apa ndi pamene anthu a pa range amalowererapo.

Pamalo pamene ndimapita pali bambo wina wachikulire wa ku Mulanje. Anayamba kunyamula zikwama za osewera ali mnyamata kuminda ya tiyi, anakhala caddie, wonyamula zikwama ndi kulangiza osewera, zaka zambiri kuno ku Joni, ndipo tsopano amayang'anira mipira ndi ngolo yotolera. Tinadziwana atandimva ndikuyankhula Chichewa pa foni. Tsiku lina anaima kumbuyo kwanga, manja ali kumsana, n'kufunsa:

"Achimwene, umenewo mukufuna ukagwe pati?"

"Kutsogoloko, achikulire."

"Kutsogolo n'kwakukulu. Sankhani mbendera imodzi, mundiuze musanamenye."

Kuyambira pamenepo sandilola kumenya mpira wopanda kolowera. Chimene chinandidabwitsa n'chakuti iwo sayang'ana thupi langa kwenikweni. Maso awo amatsata mpira, kuona kumene wayambira ndi kumene wakhotera, ndipo akatero amadziwa zimene ndodo yachita. Mpira umanyamuka kulowera kumene nkhope ya ndodo yayang'ana pa nthawi yogunda. Kukhota kwake m'mwamba kumachokera pa kusiyana kwa nkhopeyo ndi njira imene ndodo ikudutsa. Kwa womenyera kumanja, nkhope ikayang'ana kumanja kwa njira ya ndodo, mpira umakhotera kumanja, ndiye slice imene imasowetsa mtendere oyamba kumene. Mabuku ambiri akale ankaphunzitsa mosiyana, kuti mpira umayamba kutsata njira ya ndodo. Makina a radar monga TrackMan, omwe anayambira ku Denmark mu 2003, ndi amene anaonetsa poyera kuti nkhope ndiyo imalamula kwambiri. Achikulire aja sanagwirepo makina oterowo. Anazidziwa poona mipira ya anthu ena kwa moyo wawo wonse, ndipo mawu awo ndi awiri okha: "Mpira sunama."

Ndi iwonso amene anandipatsa mankhwala a kapeti. Amayala thaulo lopyapyala kumbuyo kwa mpira, kusiya mpata wa chikhatho chimodzi. Ukagunda pansi msanga thaulo limauluka, ndipo palibe chokana. Pa driver amawaza paudala wa kumapazi pankhope ya ndodo, kuti ukamenya uone chidindo cha mpira, kaya chili pakati, kunsonga kapena kufupi ndi mpini. Zinthu ziwirizi n'zotsika mtengo, koma zimayankha pompopompo.

Nzeru za ma caddie ndimazilemekeza kwambiri, ndipo dziko lino lili ndi umboni wake. Papwa Sewgolum, caddie wa ku Durban wochokera ku banja losauka la amwenye, ankagwira ndodo mosemphana ndi mmene aphunzitsi onse amanenera, dzanja lamanzere pansi pa lamanja. Ndi kagwiridwe komweko anapambana mpikisano wa Dutch Open mu 1959, 1960 ndi 1964, komanso Natal Open mu 1963 ndi 1965, ulendo wachiwiriwu atagonjetsa Gary Player, katswiri wotchuka wa gofu wa dziko lino. Chithunzi chake akulandira chikho panja mvula ikugwa, chifukwa malamulo a tsankho sankamulola kulowa m'nyumba ya kalabu, chinafika padziko lonse. Ndikaima pa range n'kuona anthu a mitundu yonse atandandalika mzere umodzi, ndimakumbukira kuti zimenezi sizinali chonchi kale, ndipo si kale kwenikweni.

Loweruka m'mawa timakumana kagulu. Muli namwino wa ku Zimbabwe amene amabwera atangoweruka ntchito ya usiku, mzungu wina wopuma pantchito amene mawondo akumuvuta, mnyamata woyendetsa takisi, abale awiri a sitolo ku Fordsburg, ndi ena obwera mwa apo ndi apo. Chizulu, Chingerezi, Chishona ndi Chichewa zimangosakanikirana. Masewera athu ndi osavuta. Mmodzi amasankha mbendera, wina amasankha ndodo, ndipo aliyense amamenya mpira umodzi wokha, enawo ataima kumbuyo akuyang'ana. Amene mpira wake wagwa kutali koposa amagula tiyi. Nthawi zina timasankha mapolo awiri a mpanda wa kutsogolo n'kunena kuti pakati pakepo ndiye njira, kunja kwake ndi madzi. Ukamenya bwino ndi driver, anzako amakuuza kuti kwatsala mamita 140, usankhe ndodo. Ukaphonya, amakulamula kumenya mpira wapansipansi ngati ukutuluka pansi pa mitengo.

Kapu ya tiyi si kanthu, koma manja amatuluka thukuta ndithu. Ndipo apa ndi pamene ndinazindikira kuti kagulu kaja, mosadziwa, kamachita zomwe Shea ndi Morgan anapeza: ndodo imasintha, kolowera kumasintha, pakati pa mpira ndi mpira pamakhala kudikira, ndipo pamwamba pa zonsezo pali maso a anthu. Mtima umene umagunda pa tee yoyamba, pomenyera mpira woyamba pa bwalo lenileni, umagundanso pano. Ndikamenya ndekha ndowa imatha msangamsanga. Pagulu timagawana ndowa imodzi anthu anayi kwa ola lathunthu, ndipo mipira yochepa imeneyo ndi imene ndimaikumbukira ndikakhala pabwalo.

Vuto la pamalo a anthu ambiri liliponso, ndipo sindilibisa. Pa range aliyense ndi mphunzitsi. Wina akuti usadzutse mutu, wina akuti pinda mawondo, wina waona kanema pa YouTube usiku wathawu ndipo akufuna ayesere pa iwe. Amayi ndi amene amavutika nazo kwambiri. Namwino uja sangamenye mipira isanu popanda bambo wina wosamudziwa kubwera kudzamukonza, chonsecho iye amamenya mowongoka kuposa ambiri a iwo. Zimandinyansa, ndipo pagulu lathu tinagwirizana kuti malangizo azipita kwa amene wapempha basi. Kwa woyamba kumene ndinganene kuti asankhe munthu mmodzi womumvera, kaya ndi mphunzitsi wolipidwa kaya ndi caddie wodziwa, ena onse aziwathokoza n'kupitiriza zake. Thupi silingagwire malangizo asanu pa kamenyedwe kamene sikakwana ngakhale masekondi awiri.

Kudziwana kwenikweni kumachitika mvula ikabwera. Kuyambira mu Okutobala mpaka cha mu Malichi, masana ambiri kuno mitambo imaunjikana, ziphaliwali n'kuyamba, ndipo chenjezo likalira aliyense amaika ndodo pansi, chifukwa ndodo yachitsulo m'manja pamtetete si yochita nayo masewera. Timakhala pamodzi m'kanyumba ka tiyi kudikira kuti mvula ikate. M'menemo ndi mmene mnyamata wa takisi anapezera ndodo zakale kwa mzungu uja, mmenenso wina anamvera za ntchito. Mnyamata wina wotola mipira atamva za maliro a mayi ake kwathu, chipewa chinazungulira m'kanyumba komweko, ndipo anthu amene sanapondeko ku Malawi anaponyamo ndalama ya basi. Kumenekonso ndi kumene achikulire amauza ana obwera ndi makolo awo za Madalitso Muthiya wa ku Zambia, amene mu 2006 anasewera mpikisano waukulu wa US Open pabwalo la Winged Foot ku America, munthu woyamba wa dziko lake kufika pamenepo. Ana amamvetsera, ndipo ena amafunsa kuti dzinalo limatanthauza chiyani.

Sindikunena kuti kubwereza kulibe ntchito. Amene sanagwirepo ndodo ayenera kumenya ndi ndodo imodzi kaye mpaka manja adziwe kumene mpira uli, ndipo ukamasintha kagwiridwe kapena kaimidwe umafunika kubwereza mosathamanga. Panopa ndimagawa chonchi: poyamba timipira tochepa ta wedge, ndodo yomenyera pafupi, toyamba kutenthetsa thupi, kenako chinthu chimodzi chokha chimene ndikukonza, thaulo lili pansi, ndipo yotsalayo ndi ya mpira umodzi umodzi, ndodo yosiyana, mbendera yosiyana, ndikuchoka pa kapeti n'kuyambiranso ngati ndili pabwalo. M'kabuku ndimalemba kumene mipira yolakwika inapita, osati yabwino, chifukwa handicap, nambala yosonyeza luso la wosewera (ikachepa ndiye kuti akusewera bwino), imatsika mipira yoipa ikayamba kuchepa kuipa kwake. Pa dongosolo la World Handicap System, lomwe linayamba mu 2020, amatenga zotsatira 8 zabwino mwa masewero 20 omaliza, ndiye tsiku limodzi lamwayi silisintha zambiri.

Kabukuko kakuonetsa kuti pamene ndikutaya kwambiri ndi pakati pa mamita 40 ndi 70, pomwe sumenya ndi mphamvu zonse ndipo manja amafuna kuthandizira mpira kukwera. Achikulire akuti ndiphunzire kukweza ndodo milingo itatu, kufika m'chiuno, pachifuwa ndi paphewa, ndilembe kutalika kwa mlingo uliwonse ndi sand wedge, ndipo ndikayesere pa udzu weniweni kumapeto kwa range kumene amatsegula pakati pa sabata. Gulu lavomera kuti Loweruka likubwerali mbendera ikhale ya mamita 50.