Chamba chikaloledwa, wodikirira wodwala amaiwalika bwanji?

Nkhani ya chamba ikangotchulidwa pa gulu lathu la WhatsApp la amayi a kuno ku Mufakose mu Harare anthu amagawikana pompo, ena ati chiloledwe basi dziko lipeze ndalama, ena ati mukufuna ana athu apenge onse. Koma munthu amene amayala mphasa pansi pafupi ndi bedi la wodwala, gadiyani uja, palibe amamutchula. Nde lero ndikufuna ndikambe za iyeyu, ndipo ndidzera ku America chifukwa kumeneko mkanganowu unayamba kalekale, tikutha kuona kumene unathera.

Ku America chigawo chilichonse chimapanga malamulo ake. Boma lalikulu linaika chamba m'gulu la mankhwala oletsedwa kwambiri mu 1970, limodzi ndi heroin, koma mu 1996 anthu a ku California anavota kuti wodwala amene dokotala wamuvomereza akhoza kusunga ndi kudzala chamba, iyeyo kapena womusamalira. Womusamalirayo sanalowe m'lamulomo mwangozi ayi, nkhondoyo anamenya ndi iwowo. Nthawi imene Edzi inali kumaliza anthu ku San Francisco, ma ARV amphamvu aja asanabwere, kunali gogo wina Mary Jane Rathbun amene ankaphika makeke osakaniza chamba n'kumagawira anyamata amene anali atatha thupi osathanso kudya, anamangidwa kangapo koma sanasiye. Ku Santa Cruz mayi wina Valerie Corral anayambitsa gulu mu 1993 lolima n'kumapatsa odwala ovutika, ndipo mu 2002 apolisi a boma lalikulu anabwera kudzazula munda wawo wonse.

Kenako zinasintha. Mu 2012 Colorado ndi chigawo cha Washington analola kuti munthu wamkulu aliyense azigula, wodwala kapena ayi, zigawo zina n'kumatsatira, ndalama n'kuyamba kulowa. Munthu ungaganize kuti apa osamalira odwala anapuma eti? Ku Washington lamulo la 2015 linatseka minda imene odwala ankalima mogwirizana, pofika July 2016 ambiri anangotsala ndi mashopu. Ku California mashopu atatsegulidwa mu 2018 msonkho unagwera ngakhale pa chamba chopereka ulere, magulu achifundo aja ena n'kuyimitsa ntchito, mpaka mu 2019 m'pamene anakonza ndi lamulo limene analitcha dzina la gogo Mary yemwe uja ndi Dennis Peron, mnzake amene anathandiza kulemba lamulo la 1996 lija.

Koma imene imandikhudza kwambiri ndi ya ku Michigan. Lamulo lawo la 2008 linati wosamalira mmodzi akhoza kuthandiza odwala asanu, mitengo 12 pa wodwala aliyense. Anthu amenewa anaphunzira ntchitoyo ndi manja awo, ankadziwa kuti uyu mtundu wakuti umamugoneka, uyu umamuchititsa chizungulire, uyu sangasute nde timupangire mafuta. Mu 2018 chamba chinaloledwa kwa akuluakulu onse, makampani akuluakulu n'kulowa ndi malaisensi awo odula, ndipo mu 2021 makampani omwewo anakankha mabilu oti odwala asanu aja atsike afike pa mmodzi. Zifukwa zawo sizinali zopanda mutu, ndivomere. Ankati chamba cha osamalirawo sichiyezedwa ku labu, mwina chili ndi nkhungu kapena mankhwala ophera tizilombo, komanso ena amabisala ku dzina la wodwala kwinaku akugulitsa mobisa. Koma ngati vuto ndi kuyeza bwanji osapangitsa kuyezako kukhala kotchipa? Osamalira ndi odwala awo anakachita zionetsero ku Lansing, likulu la Michigan, ndipo mabiluwo sanadutse.

Mwina mukuti nanga ife zikutikhudza chani. Zimbabwe inalola kulima chamba cha mankhwala ndi kafukufuku mu 2018, dziko lachiwiri mu Africa muno pambuyo pa Lesotho, laisensi yake inayamba pa 50,000 ya madola aku America. Kumudzi ku Malawi lamulo linadutsa mu 2020. Konseku tinalumpha gawo lonse la odwala tinayambira pa ma investor, maso ali pa kugulitsa kunja. Aku America bola osamalira anayamba alowa kenako n'kumakankhidwa, kwathu kuno sanaitanidwe n'komwe.

Ine ndinadikirira azakhali anga pa khansa ya m'mawere. Amene munadikirirapo mukudziwa, tsiku la chemo, mankhwala amphamvu a khansa aja, tikatsika kombi amafika kunyumba atafooka, usiku wonse beseni lili pambali, ndimawaphikira phala lamadzimadzi supuni ziwiri zokha abweza, ine n'kumawapukuta kukamwa ndi kansalu konyowa ndi kuwatembenuza kuti msana usachite zilonda. Tsiku lina mayi woyandikana nafe, wachishona, anandikokera kuseri kwa nyumba n'kundinong'oneza kuti mwanangu bwanji osawawiritsira timasamba ta mbanje, chamba chomwechi, adyeko. Ndinawafunsa azakhali, anati mwanawe ukufuna ndikafere kupolisi ine mayi wa mvano? Nanenso ndinali ndi mantha ena, mlingo wake ndikanaudziwa bwanji, nanga chikanayambana ndi morphine amene ankamwa, ndipo chogula pakona sudziwa kuti asakanizamo chani. Tinasiya. Chimandiwawa n'chakuti funso limeneli sindinathe kulifunsa poyera ngakhale kwa namwino, pomwe m'dziko lomweli muli anthu a laisensi amene akuloledwa kulima mbewu yomweyo.

Ndisanamizepo munthu, chamba si mankhwala ochiza khansa, amene akukugulitsani mafuta n'kumati musiye kuchipatala akukuphani. Chimene madokotala amavomereza ndi chochepa koma chilipo. Ku America mankhwala a dronabinol, opangidwa motengera mphamvu ya m'chamba, anavomerezedwa mu 1985 pa mseru wa chemo, ndipo mu 2018 anavomereza Epidiolex, mankhwala ochokera ku chamba a ana a khunyu loopsa. Ndipo amayi amene amaopa za ana ndimawamva ndi mtima wonse, tonse tikuwaona anyamata a m'makona athu muno atatha ndi mankhwala ozunguza bongo aja a mutoriro ndi bronco, palibe kholo lingafune khomo lina litseguke. Kungoti mnyamata wa pakona chamba akuchipeza kale lero lomwe, amene lamulo likumutsekera ndi mayi wogona pa bedi ndi mwana wake womudikirira.

Nde ine sindikupempha mashopu ngati aku Colorado ayi. Ndikupempha kuti dokotala wa khansa kapena namwino wa odwala a kunyumba, monga aja a Island Hospice amene akhala pa ntchitoyi muno mu Harare kuyambira 1979, azitha kulemba mafuta oyezedwa bwino a mlingo wodziwika, kuti kagawo ka zimene makampani a laisensi akukolola katsale m'dziko muno pa mtengo woti munthu wosauka wa ku Epworth angakwanitse, komanso gadiyani akhale ndi khadi loti akakumana ndi wapolisi botolo lili m'chikwama asagone m'selo. A phungu akadzabwera kudzafunsa maganizo athu pa nkhaniyi, amayi a pa gulu lija tiyeni tidzapite ndi anthu amene anadikirirapo odwala, ayambe kuyankhula ndi iwowo.