Ana akuzunzana pa foni zathu zomwezi

Ndikamauza anthu kuti ndayamba kuphunzitsa ana a Sitandade 6 ndi 7 za nkhanza za pa intaneti ambiri amati aaa aphunzitsi, zimenezo ndi za ku Lilongwe, kuno ku Ntcheu mwana wa pulayimale foni aitenga kuti? Zoona ambiri alibe yawoyawo. Koma foni ya amayi imakhala pa mphasa madzulo onse, ya achimwene imapita kokatchajitsa ku tredingi ndipo wotumidwa kukaitenga ndi mwana yemweyo, ndi yemwenso amadziwa pini komanso kugula bandulo ya WhatsApp pa Airtel kapena TNM kuposa eni ake.

Mu Juni mtsikana wina wa m'kalasi mwanga anayamba kujomba, mwana woti sankaphonya ngakhale kugwe mvula. Loweruka amathandiza amayi ake kugulitsa mbatatesi ndi tomato m'mbali mwa msewu wa M1, ndiye mnyamata wa kalasi yomweyo anamujambula akuthamangira minibasi beseni lili m'manja, atavala juzi ya abambo ake yong'ambika pachigongono, mukudziwa mmene kumazizirira kuno Juni akafika, kenako anapanga sitika n'kulembapo mawu achipongwe. Sitikayo inalowa mu gulupu ya anyamata a mpira, inatuluka n'kupita pa sitetasi ya mchemwali wa wina, pofika Lolemba sukulu yonse imamuitana dzina la pa sitikayo mpaka tiana ta Sitandade 3. Palibe anamumenya, palibe anamulanda kanthu, koma mwana anasiya sukulu pafupifupi, ndipo amayi ake ankaganiza kuti ndi malungo.

Kale kutonzana kumathera pa bwalo, belu lowerukira likalira aliyense kwawo. Izizi zimamutsatira mwana mpaka kuchipinda ndipo sizifufutika, ichi ndi chimene ndimafuna ana amvetse asanakhale ndi foni zawo.

Kompyuta tilibe, magetsi tilibe, ndiye ndimaphunzitsa pa piriyodi ya Life Skills ndi choko basi. Ndimalemba mawu pa kapepala n'kupatsa mwana mmodzi, iye akopere apatse anzake awiri, awiriwo aliyense apatsenso awiri, pakatha mphindi zochepa ndimauza woyamba uja kuti katolere timapepala tonse. Sizitheka, tina tili m'matumba, tina tabisidwa m'makope, ena akukana kuti sanalandire. Apa ndi pomwe ndimafunsa kuti mawuwo akanakhala onyoza mnzanu wolakwa ndi ndani? Onse amaloza woyamba. Ndikafunsa za amene anakopera aja kumakhala zii, kenako wina amati “madamu ine ndimangofowada”, wina “ine ndimangoika kankhope koseka”. Pamenepo ndimakhalitsapo ndithu, chifukwa woyambitsa amakhala mmodzi koma chimene chimapweteka mwana ndi kuchuluka kwa oseka, ndipo ana ambiri abwinobwino ali mu gulu limeneli osadziwa.

Zoyenera kuchita wina akawazunza sizivuta kuphunzitsa: asabwezere, atenge sikirinishoti asanafufute, abuloke munthuyo, auze wamkulu. Ndimalembanso pa bolodi nambala ya 116, yaulere yothandiza ana, aliyense aikopere kuchikuto cha kope lake. Ndimawauzanso kuti dziko lino lili ndi lamulo la 2016 lotchedwa Electronic Transactions and Cyber Security Act lomwe limaletsa kuzunza ndi kuopseza munthu kudzera pa foni kapena intaneti, komanso kuti ku polisi kuli Victim Support Unit, nthambi yothandiza ozunzidwa. Sindinena izi powaopseza ayi, ndimafuna wozunzidwayo adziwe kuti si nkhani yachibwana. Facebook ndi TikTok nazonso malamulo ake amati munthu akhale atakwanitsa zaka 13, koma ana amanamiza chaka chobadwa ndipo nthawi zambiri wowatsekulira akauntiyo ndi wamkulu wa m'nyumba momwemo.

Povuta ndi pouza wamkulu paja. Nditafunsa kuti mungauze ndani, mnyamata wina anayankha kuti “kunyumba sindinganene madamu, andikwapula kuti umatani pa foni”. Kalasi yonse inavomereza. Ndipo ndi zoona, ife makolo mwana akabwera akulira timayamba ndi kumulanda foni ndi kumukalipira, ndiye wozunzidwa ndi yemwe walangidwa, ulendo wina angonamizira mutu n'kugona. Enanso akuluakulu ndi omwe timafowada zithunzi za anthu m'magulupu a mpingo ndi a banki m'khonde ana akuona, zimandipweteka kwambiri izi.

Mtsikana uja anabwerera amayi a Mother Group atapita kwawo kukacheza naye, mnyamatayo tinakhala naye pansi pamodzi ndi amalume ake, anapepesa pamaso pa kalasi ndipo sitikayo anaifufuta mu foni ya achimwene ake, ngakhale mu foni zina ikadalimo. Ndapempha ahedi kuti pa msonkhano wa PTA ukubwerawu andipatse ka nthawi, kholo lililonse lomwe lili ndi foni ya WhatsApp libwere nayo, ndiwaonetse pobulokera, potengera sikirinishoti, ndi mawu oyamba kunena mwana akabwera kudzadandaula.