Hard disk yanga idafera mu chapa

Mnyamata wa pa shopu ina ku Tete adandiikira patebulo zipangizo ziwiri zosungiramo zinthu m'kompyuta: SSD ya 256 GB ndi hard disk ya 1 TB, mitengo yosasiyana kwenikweni. "Achimwene, Windows ikani pa SSD," adatero. "Mulibe chozungulira m'menemu, kompyuta imayaka musanakhazikike pampando."

Ndidanyamula SSD ija. Kupepuka ngati bokosi la machesi lopanda kanthu! Kuigwedeza pakhutu, zii. Ine wa ku Ulongwe, wokulira kugulitsa kachewere pa sikelo, munthu andigulitse mphepo? Hard disk ndiye inali ndi thupi, malo akenso kuwirikiza kanayi. Mnyamatayo adati mkati mwake muli timbale tozungulira ka 5400 pa mphindi, ndi kamutu kowerenga kamene kamayandama pamwamba pake osatikhudza. Ine ndidangomvapo kuti katunduyu ngolimbikira ntchito.

Adaiika mu laputopu, ndi Windows yomwe, n'kusamutsiramo nyimbo zonse za ukwati wa msuweni wanga, poti woimbitsa ndinali ine. "Koma musaigwedeze ili chiyakire," adachenjeza.

Vuto linali lakuti Windows inali isanamalize zake, ikulemba kuti ndisazimitse, chapa (minibasi) nayo ikudzaza. Ndidakwera nayo chiyakire, ili pamiyendo. Pa mlatho wa Samora Machel tidaoloka bwinobwino, Moatize tidadutsa. Titakhota pa Mussacama, dalaivala adalowa m'dzenje osaponda buleki, tonse mitu kudenga. Laputopu idayamba: ke, ke, ke.

Mayi amene ndidakhala nawo adasuzumira dengu lawo la nkhuku, kenako n'kundiyang'ana. "Bambo, si zanga izi. Mwaikamo chiyani m'menemo?"

Kamutu kaja kanali katakanda mbale. Tsiku la ukwati sikirini inali bii, kulira kokhako. Malume adabwera ataveka tayi. "Mphwanga, si iwe umati muli malo ochuluka?"

"Alimo, malume."

"Ndiye nyimbozo zasochera m'malomo?"

Tidabwereka foni ya mnyamata wina wa kwaya n'kuilumikiza ku sipika. Anthu adavina ndithu, kungoti chibwenzi chake chimaimba pafupipafupi. Pakati pa perekaniperekani nyimbo idaduka, ndipo khamu lonse, ndi abusa omwe, lidamva mtsikana akufunsa kuti, "Kodi uli ndi ndani kumeneko?"